Dontho Lomaliza: Mmene Amayezera Mchere ndi Laimu m'Madzi a ku Phalombe

Boma la Phalombe lili ndi madzi a mitundu iŵiri, ngakhale kuti onse ndi ana a mvula imodzi. Chakumwera kuli phiri la Mulanje ndi la Michesi, kumene timitsinje timatsetsereka pa miyala yolimba yosasungunuka msanga. Madzi ake ndi opepuka pakamwa, ndipo sopo sachedwa kuchita thovu. Chakumpoto dziko limatsika pang'onopang'ono kufikira ku Nyanja ya Chilwa, ndipo m'chigwa chimenechi muli mijigo ndi zitsime zina zimene madzi ake amamveka mchere, ena amakana sopo, ena ali ndi zilema zonse ziŵiri. Amayi otunga madzi amadziŵa bwino lomwe kuti mjigo wakuti madzi ake ngakumwa, wakuti umatha sopo, ndipo wakuti nyemba zake zimatha nkhuni zisanapse.

Nkhaniyi si ya kukoma kwa madzi kokha ayi. Mjigo umakumbidwa ndi ndalama zambiri kuti anthu aleke kumwa madzi a mumtsinje, a m'madambo ndi a m'nyanja. Koma madzi ake akakhala oŵaŵa mchere, anthu amausiya mjigowo uli chiimire nabwerera ku madzi akale okoma pakamwa, amene ndiwo amanyamula tizilombo ta kolera, kamwazi ndi kutsegula m'mimba. Kolera anafika m'Malaŵi muno koyamba mu 1973, ndipo kuyambira pamenepo midzi ndi madooko a m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa akhala akusauka naye kaŵirikaŵiri. Mliri wa 2022 ndi 2023, umene unaposa yonse m'mbiri ya dziko lino, unapha anthu oposa 1,700. Motero funso lakuti m'madzi a mjigo muli mchere wochuluka bwanji ndi funso la zaumoyo ndithu. Liyenera kuyankhidwa ndi nambala, osati ndi lilime lokha, pakuti malilime amasiyana ndiponso amazoloŵera.

KODI MCHEREWU UMACHOKERA KUTI?

Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Saiŵalanso mwala ndi dothi limene adutsamo, chifukwa poyenda pansi pa nthaka amasungunula pang'onopang'ono zimene apeza nazinyamula. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala, Domasi ndi ina imathiramo madzi chaka ndi chaka, koma khomo lalikulu lotulukira ndi dzuŵa: madzi amauluka ngati nthunzi, mchere nkutsala. Zili ngati mphika wa ndiwo woiŵalika pamoto, umene msuzi wake ukamaphwera mchere umanka nukolera. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndiponso mu 1995. Kalekale inali yaikulu kuposa lero, kotero kuti dothi lamakande la m'chigwa ndi matope a pansi pa nyanja yakaleyo. Madzi amayenda mochedwa m'dothi lotere, ndipo amakhala ndi nthaŵi yokwanira yotola mchere wa mitundumitundu.

Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene madzi a m'mipopi yochokera m'mapiri anakondedwera. Ntchito ya mipopi yotsika yokha popanda injini inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafika ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu a m'midzi akukumba okha ngalande za mapaipi. Pa nthaŵiyo Phalombe anali mbali ya boma la Mulanje; anakhala boma palokha mu 1998. Koma mapaipi ochokera kuphiri ali ndi mdani wake. Napolo wa mu Marichi 1991, ndiponso namondwe Freddy wa mu Marichi 2023, anakokolola nyumba, milatho ndi mapaipi omwe. Mpopi ukauma, mudzi umatsamira pa mjigo, ndipo apo mpamene ubwino kapena kuipa kwa madzi a pansi kumaonekera.

KUŴERENGA CHINTHU CHOSAONEKA

Mchere wosungunuka suoneka ndi maso, ngakhale ndi makina okuza zinthu a kuchipatala. Akatswiri a m'labotale amauŵerenga mwa njira ina yochenjera yotchedwa titration, ndiko kunena kuyeza modontheza. Fanizo lake ndi ili. Mfumu ikufuna kudziŵa chiŵerengero cha anthu amene afika ku ntchito ya chitukuko kukali mdima. Ili ndi mtolo wa makasu 50. Ikupereka khasu limodzi kwa munthu aliyense, ndipo pamene khasu lasoŵa wolilandira nkugwa pansi, mfumu ikuleka nkuŵerenga amene atsala mumtolo. Ngati atsala 20, ndiye kuti anthu alipo 30, ngakhale sinaone nkhope ya munthu ndi mmodzi yemwe.

M'labotale, mtolo wa makasu ndi mankhwala amadzi amene mphamvu yake ndi yodziŵika bwino. Amathiridwa m'chubu chagalasi chachitali chotchedwa burette, chimene chili ndi manambala m'mbali ndi kampopi kumunsi. Madzi oyezedwawo amakhala m'botolo lagalasi pansi pake. Woyeza amatsegula kampopi ndi dzanja limodzi, uku akuzunguza botolo ndi linzake, ndipo mankhwala aja amagwirana ndi mchere wa m'madzimo mmodzimmodzi. Chofunika kwambiri ndi mboni yonena kuti khasu lagwa pansi. Mboniyo ndi mankhwala ena ochepa amene amathiridwa poyamba, ndipo amasintha mtundu pa dontho lenileni limene mchere wathera.

Njira zoterezi zilipo zingapo, koma ziŵiri ndizo zimayankha madandaulo a amayi a m'chigwa cha Phalombe. Ina imagwetsa mchere pansi ngati nsenga. Inzake imapana laimu osamulola kuchita kanthu.

SILIVA NDI MCHERE

Mchere wa m'ndiwo uli ndi mbali ziŵiri, sodiamu ndi koloraidi, ndipo woyeza amaŵerenga koloraidiyo. Njira yofala ndi imene inalengezedwa mu 1856 ndi Karl Friedrich Mohr, wosakaniza mankhwala wa ku Germany. M'burette mumakhala silver nitrate, mankhwala oyera mbee ngati madzi opangidwa kuchokera ku siliva. Ena mwa azamba akale angawakumbukire, chifukwa ndi omwe aja ankadonthezedwa m'maso mwa ana obadwa kumene poteteza khungu lobwera ndi chinzonono, mwambo umene dokotala Carl Credé anayambitsa ku Leipzig cha mu 1881.

Woyeza amatenga mamililita 100 a madzi a mjigo nathiramo madontho a potassium chromate, amene amasandutsa madziwo kukhala achikasu. Kenaka amayamba kudontheza siliva. Siliva akangokumana ndi koloraidi amagwirana naye nkupanga nsenga yoyera yosasungunuka, yooneka ngati chambiko. Pamene dontho lagwera pamaoneka kadontho kofiira, koma botolo likazunguzidwa kamazimirira, chifukwa siliva amakonda koloraidi kuposa chromate, ndipo malinga koloraidi akadalipo amasiya chromate napita kwa iye. Kufiirako kumanka nkuchedwa kuzimirira, ndipo woyeza wodziŵa ntchito amachepetsa madontho. Tsono koloraidi yense akatha, dontho lotsatira limasoŵa bwenzi lake lija, limagwira chromate, ndipo madzi onse amatenga mtundu wofiirira ngati njerwa yootcha umene suchokanso. Apo kampopi kamatsekedwa.

Masamu ake ndi apafupi. Mankhwala a siliva amakonzedwa mwa muyeso wakuti mililita imodzi imagwira theka la miligalamu ya koloraidi. Ngati patha mamililita 24, ndiye kuti m'botolomo munali mamiligalamu 12, ndipo popeza botolo linali ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a lita, lita yathunthu ili ndi mamiligalamu 120. Pali chinthu china chosangalatsa apa. Burette wamba amaloŵa mamililita 50, ndipo mamililita 50 amafanana ndi mamiligalamu 250 pa lita, malire amene bungwe la World Health Organization limanena kuti kupyola apo anthu ambiri amayamba kuumva mchere pakamwa. Choncho burette akakhuthuka yense madzi akadali achikasu, woyeza amadziŵa kale kuti dandaulo la mudzi ndi loona. Amatenga madzi ochepa, amawasungunula ndi madzi otcheza opanda mchere, nayambanso.

Njirayi ili ndi malamulo ake. Madzi asakhale a asidi, chifukwa kufiira kumachedwa kapena sikubwera konse, ndipo asakhalenso a soda wambiri, chifukwa siliva amagwa pansi payekha ali woderapo. Muyeso wa pH uyenera kukhala pakati pa 7 ndi 10. Pamene asidi sangapeŵeke amatsata njira ina ya Jacob Volhard ya mu 1874, imene amathira siliva wopyola muyeso nkuŵerenga wotsalayo, ndipo inagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala poyeza mchere wa mumkodzo. Silver nitrate amaonongeka ndi kuŵala, motero amasungidwa m'botolo loderapo, ndipo akagwera pakhungu amasiya maŵanga akuda amene amatha masiku. Potassium chromate ndi poizoni woopsa wokhoza kuyambitsa khansa. Zotsala za m'botolo siziyenera kutayidwa pabwalo kapena pafupi ndi chitsime.

NKHANU YOPANA LAIMU

Madzi okana sopo, amene m'Chingerezi amati hard water, vuto lake ndi lina. M'madzi otere muli kashiamu ndi magineziamu wambiri, zinthu zopezeka m'laimu ndi m'miyala ina. Ziŵirizi zimalanda sopo nkumusandutsa litsiro lotuŵa lomata m'mbali mwa beseni, ndipo thovu silibwera kufikira zonse zitakhuta. Ndizonso zimasiya chikhungwa choyera m'ketulo ndi m'miphika yoŵiritsira zipangizo kuchipatala, ndizo zimalimbitsa khungu la nyemba ndi nandolo kuti zisafeŵe msanga.

Kunena zoona, mayi wochapa amachita titration osadziŵa. Mu 1841 Thomas Clark wa ku Aberdeen m'dziko la Scotland anakonza njira yoyezera madzi otere mwa kudontheza madzi a sopo ndi kukhutchumula botolo kufikira thovu litakhazikika. Sopo wochuluka amatanthauza laimu wochuluka. Njirayi inagwira ntchito zaka pafupifupi 100, koma inali yongoyerekeza, pakuti thovu la munthu wina si thovu la mnzake.

Chimene chinasintha zinthu ndi mankhwala otchedwa EDTA. Anawapanga ndi Ferdinand Münz ku Germany mu 1935, pofuna kuthandiza mafakitale onyika nsalu amene kashiamu wa m'madzi ankawaonongera utoto. Patapita zaka 10, Gerold Schwarzenbach wa ku Zürich anaonetsa kuti mankhwalawo angathe kukhala choyezera. EDTA sagwetsa kanthu pansi. Kanthongo kake kalikonse kali ndi manja 6, ndipo kakapeza kashiamu kapena magineziamu kamamukulunga mbali zonse monga nkhanu ipana chala. Ngakhale dzina limene akatswiri amatchulira kugwira kotereku linachokera ku liu la Chigiriki lotanthauza chopanira cha nkhanu. Chofunika nchakuti kanthongo kamodzi kamagwira mmodzi yekha, osaposa, osachepera, ndiye chifukwa chake kuŵerengako kumakhala kolondola.

Amene anatengedwapo magazi kuchipatala anawaonapo mankhwalaŵa. Kabotolo ka chivindikiro chofiirira mobiriŵira, kamene amathiramo magazi okaŵerengedwa, kali ndi EDTA pang'ono mkati. Magazi sangaundane popanda kashiamu. EDTA amamupana kashiamuyo, ndipo magazi amafika ku labotale akadali amadzi.

Poyeza madzi a mjigo amatenga mamililita 50 nathiramo mankhwala a amoniya okweza pH kufika pa 10. Mboni yake ndi utoto wotchedwa Eriochrome Black T. Utotowu paokha ndi wabuluu, koma ukagwirana ndi magineziamu umafiira ngati madzi a chidede. Woyeza akamadontheza EDTA, iye amayamba wagwira kashiamu ndi magineziamu amene akuyandama okha. Aŵa akatha amatembenukira kwa amene ali m'manja mwa utoto nkumulanda, chifukwa kugwira kwake nkwamphamvu koposa. Utoto ukatsala chimanjamanja umabwerera ku mtundu wake, ndipo madzi amachoka pa kufiira nkukhala abuluu ngati thambo lopanda mtambo. Kusinthaku nkooneka bwino kuposa kwa siliva kuja, kumene kumafuna diso lozoloŵera.

Mililita imodzi ya EDTA wa muyeso wamba imafanana ndi miligalamu imodzi ya laimu, ndipo popeza mamililita 50 amaloŵa ka 20 mu lita, woyeza amangochulukitsa ndi 20. Mamililita 3 ndi mamiligalamu 60 pa lita, ndipo madzi osafika apo amatchedwa ofeŵa, monga a mvula ndi a timitsinje ta kuphiri. Mamililita 9 ndi mamiligalamu 180, ndipo kupyola apo madzi ndi okana sopo kwambiri. Mililita imodzi ili ndi madontho pafupifupi 20, kotero dontho limodzi lokha limaimira miligalamu imodzi pa lita. Nzodabwitsa kuti chubu chagalasi chosafuna magetsi chingathe kulondola motere.

Pano paliponso misampha. Ntchito iyenera kutha pasanapite mphindi 5 chithirire amoniya, apo ayi laimu amayamba kugwa pansi nathaŵa kuŵerengedwa. Madontho omaliza aperekedwe mosafulumira. Ndipo madzi a mijigo ina ali ndi chitsulo chosungunuka, chija chimafiiritsa ndowa ndi nsima. Chitsulochi chimakakamira utoto osausiya, buluu osabwera, kufikira woyeza atathira mankhwala ena ochimanga.

KODI MANAMBALAŴA AKUTANTHAUZANJI M'THUPI?

Za laimu, mau ndi okhazika mtima pansi. Kashiamu ndi magineziamu ndi zofunika m'thupi pomanga mafupa ndi mano, ndipo World Health Organization silinaike malire a zaumoyo pa madzi okana sopo. Chimene chimapweteka ndi thumba: sopo, nkhuni ndi nthaŵi ya amayi. Komabe sopo akamatha msanga m'nyumba yosauka, kusamba m'manja ndiko kumayamba kusiyidwa, ndipo apo vuto la ndalama lasanduka vuto la matenda. Kuŵiritsa kumachepetsa gawo lina la laimu, lija limatsala m'ketulo.

Za mchere nzosiyana. Kuŵiritsa sikuchotsa koloraidi. Kumangomuonjezera mphamvu, monga dzuŵa lichitira ndi Nyanja ya Chilwa. Kusefa ndi nsalu kapena mchenga sikumuchotsanso. Muyeso wa Malawi Bureau of Standards wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, wa mu 2005, unalola koloraidi kufika mamiligalamu 750 pa lita, katatu kuposa pamene lilime limayambira kudandaula. Chifukwa chake nchomveka: kutseka mjigo uliwonse womveka mchere kukanasiya midzi yambiri yopanda madzi otetezedwa. Koma nambalayi iyenera kuŵerengedwa mosamala. Ngati koloraidi yenseyo ali wa mchere wa m'ndiwo, lita imodzi ya madzi otere ili ndi mchere woposa galamu imodzi, ndipo munthu womwa malita 2 wamwa kale magalamu 2.5 asanalaŵe ndiwo. Limeneli ndi theka la magalamu 5 amene munthu wamkulu sayenera kupyola pa tsiku. Kwa odwala kuthamanga kwa magazi, mtima kapena impso, kwa amayi apakati ndi kwa makanda, madzi otere si abwino kumwa tsiku ndi tsiku ngati ena alipo.

Nambala ya koloraidi ili ndi ntchito inanso. Mkodzo wa munthu uli ndi koloraidi wambiri. Chitsime chimene chakhala ndi nambala yotsika kwa zaka, kenaka nkukwera mwadzidzidzi pamene zitsime zoyandikana nazo sizinasinthe, chikhoza kukhala kuti chayamba kulandira madzi a m'chimbudzi. Ndiye chifukwa chake alangizi a zaumoyo amalimbikira kuti chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa, ndiponso kumunsi kwake. Chenjezo lotere limaoneka pokhapokha manambala akale atasungidwa.

ZIMENE BURETTE SANGAONE

Apa mpamene anthu ambiri amasokonekera, ngakhale ophunzira omwe. Siliva ndi EDTA saŵerenga tizilombo. Madzi a mumtsinje wa Phalombe angathe kupambana mayeso onse aŵiri, mchere wochepa, laimu wochepa, koma ali odzaza ndi kolera. Madzi a mjigo wotsekedwa bwino angathe kukhala oŵaŵa pakamwa koma opanda kachilombo ndi kamodzi komwe. Tizilombo timayezedwa mwa njira ina, yotilera m'mbale zotsekedwa pa malo ofunda kufikira titachuluka nkuoneka. Fuloraidi, amene amadetsa mano a ana akachuluka kupyola mamiligalamu 1.5 pa lita, nayenso ali ndi mayeso akeake.

Maina aŵiri ofanana amaonjezera chisokonezo. Koloraidi ndi mbali ya mchere ndipo sapha kachilombo kalikonse. Kolorini ndi mankhwala aja alangizi amagaŵa m'midzi nthaŵi ya kolera, amene amathiridwa m'ndowa nkudikira mphindi 30 madzi asanamwedwe. Mjigo wa koloraidi wambiri sunathiridwe kolorini, ndipo madzi ake akatungidwira m'ndowa yakuda kapena kupisidwa ndi chikho chogwiragwira, amaipa ngati ena onse.

Pamene mudzi uli ndi mjigo wa mchere wopyola muyeso, nzeru yake ndi kugaŵa ntchito: madzi a mjigo akhale otsukira, osambira ndi omwetsa ziŵeto ngati zikuwalola, ndipo akumwa achokere ku mpopi, ku mvula ya padenga la malata, kapena ku chitsime chokoma, koma atathiridwa kolorini kapena kuŵiritsidwa. Masiku ano okumba mijigo ali ndi kachipangizo ka m'manja koviika m'madzi kamene kamasonyeza msanga kuchuluka kwa mchere wonse pamodzi. Nkothandiza kwambiri, makamaka dzenje likangokumbidwa, simenti isanathiridwe ndi pampu isanamangidwe. Koma sikanena kuti mcherewo ndi wamtundu wanji, ndipo pofuna kusiyanitsa koloraidi ndi laimu, ntchito imabwererabe kwa burette.

Komiti ya mjigo imene ikufuna kuti madzi ake ayezedwe iyambire kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kapena ku ofesi ya zamadzi ya paboma. Wotenga madzi ajige kaye kwa mphindi zingapo kuti madzi ogona m'mapaipi atuluke. Botolo likhale loyera, losakhalapo mchere, soda kapena zakumwa, ndipo litsukidwe katatu ndi madzi omwewo lisanadzazidwe mpaka pakamwa. Palembedwe dzina la mudzi, malo a mjigo ndi tsiku. Madzi okayezedwa tizilombo amafuna botolo lina lochokera ku labotale, losungidwa pozizira ndi kufikitsidwa tsiku lomwelo. Ndi bwino kuyeza kaŵiri pa chaka, mu Okutobala pamene nthaka yauma gwa ndi mu Marichi pamene madambo adzaza, chifukwa mjigo umodzimodziwo ungathe kupereka manambala osiyana pa nyengo ziŵirizi, ndipo onse alembedwe m'buku la komiti pambali pa ndalama za zipangizo za pampu.